Injini Yokana Mwini Wake

Chaka chilichonse chisanu chikatha, misewu n'kuyamba kuuma, ndimatsegula shedi imene malemu amuna anga anandisiyira kugombe, ndipo eni maboti amabwera kudzatulutsa katundu wawo. Kwathu kuno limeneli ndi tsiku lachisangalalo. Ine ndimakazinga buledi, Gumercindo, mmodzi wa eni mabotiwo, amabwera ndi mabodza amene wakhala akupeka miyezi yonse yozizira, ndipo chikho cha yeriba, tiyi wathu wowawa uja, chimayenda dzanja ndi dzanja mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka chimene ndikunenachi m'shedimo munagona maboti atatu: la don Nolberto Cárcamo, la mkamwini wawo Aliro, ndi la Gumercindo Barría. Injini zawo n'zofanana ngati mapasa, chifukwa anazigula pamodzi. Chozisiyanitsa ndi zivindikiro basi, poti aliyense analembapo dzina la boti lake ndi penti.

Loyamba kulowa m'madzi limakhala la don Nolberto. Mkuluyu anayamba kunyamula alendo kupita nawo kumapanga a nyanja yathu ya Chelenko ine ndili mtsikana, ndipo injini yawo sivuta kudzuka. Anthu amati ali ndi mankhwala, ndipo sanama. Mu Epulo, asanatsekere boti, amathira m'thanki mankhwala ofiira a m'botolo, aja oteteza petulo kuti asasase, ndipo amathira mowolowa manja. Kenako amaliza injini m'diramu ya madzi mpaka mankhwalawo atafika m'mitsempha yake yonse.

M'mawa umenewo anakoka chingwe. Zii. Anakokanso, injini n'kungotsokomola ngati nkhosa yachimfine.

"Mdala, mwaidzutsa mwamwano," anatero Gumercindo ali khale pa chitsa. "Yambani mwaipatsa moni, muifunse kuti yagona bwanji."

Tonse tinaseka. Koma don Nolberto anakoka mpaka thukuta kamukamu, ndipo kuseka kunatha kokha. Kuchokera ku injiniyo kunkabwera fungo lowawasa, ngati la penti wakale.

Apo n'kuti mwana wawo Yasna, mkazi wa Aliro, akutsika kugombe atanyamula jekete la bambo ake.

"Ababa, siyani, mudzithyola phewa," anatero. "Kabuleta yamata imeneyo. Munathira mankhwala koma munaiwala kuiliza."

"Ndinailiza."

"Chimenecho ndi chaka chinacho, ababa. Kuiwala si mlandu. Mwina thupi likungokuuzani kuti nthawi yopuma yakwana."

Nyimbo imeneyi Yasna anayamba kuiimba mu Malichi, pamene mphepo inawapeza bambo ake pakati pa nyanja, funde n'kuwaponyera m'madzi. Amene anawavuula ndi Gumercindo. Nthawi zonse don Nolberto ankangoiseka nyimboyo. Tsiku limeneli sanaseke. Anatsegula chivindikiro cha injini, n'kuyang'ana m'katimo kwa kanthawi, n'kutsekanso. Kenako anakwera mtunda.

Ndinakawapeza m'khitchini mwanga, atakhala pafupi ndi mbaula, chipewa chili pabondo.

"Doña Zunilda, ndikuuzeni kanthu, koma kasatuluke."

"Zanu ndinatulutsapo liti?"

"Ndayang'ana m'kati mwa injini muja. Chilichonse chili pamalo pake, koma sindikuidziwa. Ikuoneka yachilendo." Anapukusa chipewa chija m'manja. "Mayi anga anayamba chonchi. Tsiku lina anaima m'khitchini mwawo n'kufunsa kuti kuno n'kwa yani."

Zinandikhudza. Munthu amene sanaopepo funde anali kuopa mutu wake womwe.

"Inu simunaiwale kanthu," ndinatero. "Tsiku lija ndinali nditayanika nsalu zanga zatsopano za pabedi, zimene mng'ono wanga ananditumizira pa Pasaka wa chaka chomwechino. Utsi wa injini yanu unazidetsa zonse. Ndinakukalipirani mpaka agalu kuthawa."

"Zimenezo ndiye ndikukumbuka," anatero, kukamwa kukufuna kumwetulira.

"Ndiye dzukani. Mundinyamulire sosala yoyerayo."

Malemu amuna anga anali makaniko, ndipo ine ndinakalamba ndikuwagwirira sipanala. Titafika pa boti, ndinadonthetsa petulo wa m'thanki pa sosala. Anali wofiirira ngati vinyo wothira madzi, fungo lake labwinobwino. Ndinapukuta sosalayo, n'kumasula kabawuti kapansi pa kabuleta. Munatuluka madontho akuda, onanda ngati uchi wowonongeka.

"Mwaona," anatero don Nolberto, mawu atagwa. "Mwana uja akunena zoona. Ndikanailiza, mukanatuluka zofiira."

Koma ine maso anga anali pa thabwa la kumbuyo kwa boti, pamene injini imaluma. Zaka zonsezi mano ake anakumbapo timaenje tiwiri takuda. Tsopano timaenjeto tinali pambalambanda, ndipo mano anali ataluma pambali pake, pa thabwa latsopano.

"Kodi injiniyi munaichotsapo musanatsekere?"

"Sindiichotsa. Mukudziwa."

"Ndiye mutu wanu uli bwinobwino, don Nolberto. Simukuidziwa chifukwa si yanu. Wina anavula injini yanu chivindikiro n'kuchiveka ina."

* * *

Kiyi ya shedi ndi imodzi, ndipo imakhala kuseri kwa chitseko cha khitchini yanga. Loko sanathyoledwe, mawindo kulibe. Chisanu chonse munthu amene anabwereka kiyiyo ndi Gumercindo yekha, chipale chitagwa kwambiri mu Julayi, ati akufuna fosholo.

Ndinawauza don Nolberto kuti akhale kaye chete, akadye buledi. Gumercindo ndinamupeza m'shedi akupala penti wa boti lake. Ine ndi iye tinakulira limodzi, sitinyengererana.

"Gumercindo, fosholo ija unaipeza?"

"Fosholo iti, mfumukazi ya buledi?"

"Imene unabwerekera kiyi. Unatha masana onse muno."

"Aa, imene ija! Ndinachedwa ndi mbewa. Zinachititsa msonkhano, ati shedi yako imazizira, zikufuna uziikire mbaula."

"Ndione injini yako."

"Ona, mlongo wanga, ona mpaka ukhute. Ine zamankhwala sindipanga nawo. Ndimailiza mpaka itamwa dontho lomaliza, igone ndi njala ngati mwini wake."

Ndinamasula kabawuti kaja. Panalibe chotuluka, mouma gwaa. Mano a injini yake analinso m'maenje ake akale. Injini ya don Nolberto sinali pa boti limeneli.

"Tsiku lija unali ndi ndani?"

"Ndekha. Ine ndi mthunzi wanga, ndipo nawonso unkadandaula kuzizira."

Anati adzuke, koma anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, nkhope itakwinyika.

"Msanawo unayamba liti?"

"Nkhuni, Zunilda. Kuwaza nkhuni."

Anabwerera ku penti wake osandiyang'ana. Ndinadikira nthabwala ina, koma sinabwere. Gumercindo kutsiriza nkhani popanda nthabwala, ndiye kuti penapake pamuwawa, ndipo si msana wokha.

Injini zimenezi munthu mmodzi sanyamula. Pamafunika awiri, ndipo awiriwo amatuluka thukuta. Ndinakwera mtunda kupita kwa mkazi wake.

Doña Orfelina samva bwino, motero amalankhula ngati akuitana munthu wa tsidya lina. Ndinawapeza pakhonde akusenda mbatatesi.

"Nkhuni?" anakuwa. "Ameneyo nkhwangwa anaigwira komaliza akundifunsira! Nkhuni pakhomo pano ndimawaza ine!"

"Nanga msanawo anaupweteka bwanji?"

"Mukamufunse mwana wake wa ubatizo! Anabwera kuno ndi keke, n'kumanong'onezana pakhonde pompano. Amayesa ndine chitsa. Makutu ndiwo anafa, maso alipo! Ananyamuka onse awiri ndi wilibala yanga. Pobwera, mwamuna wapindika ngati chikwakwa, wilibala yathyoka mwendo. Mpaka lero palibe wandipepesa. Ngakhale kekeyo anadya yekha!"

"Mwana wake wa ubatizo? Mukunena Yasna?"

"Ali nawo angati?"

Ndinatembenuka kuyang'ana kugombe. Kuchokera pakhonde la doña Orfelina pamaoneka chilichonse. Boti la Aliro linali litatuluka kale m'shedi, lili m'madzi, ndipo Yasna ankalozera mwamuna wake chigubu cha petulo watsopano, manja akuonetsa kuti afulumire. Petulo ameneyo akangolowa m'injini n'kuiliza, umboni wonse upsa n'kusanduka utsi.

* * *

Pa msinkhu wanga sindithamanga, koma tsiku limenelo ndinatsika mtunda ngati mbuzi, sosala ili m'thumba la epuloni.

"Aliro! Paipi imeneyo usalumikize!"

Aliro ndi chimunthu chachikulu, chofatsa, cholankhula ngati chikuwerenga mawu aliwonse chisanawatulutse. Anaima paipi ili m'manja.

"Doña Zunilda, kwagwanji? Pumani kaye, mungagwe."

"Mayi Zunilda, tikuchedwa," anatero Yasna. "Akungofuna kuyesa basi."

"Ayesa. Nyanja sithawa." Ndinapuma kaye pang'ono. "Aliro, wabwera liti?"

"Dzulo madzulo, pa basi. Kuyambira Epulo ndinali ku mafamu a nsomba, kunyanja yamchere. Aliyense akudziwa."

"Pochoka, injini yako unaithira mankhwala?"

Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumbali kumene apongozi ake ankabwera, buledi ali m'manja.

"Apongozi asandimve. Sindinathire. Anandiitana mwadzidzidzi, ndinangokankhira boti m'shedi n'kukakwera basi. Lero ndimati nditha tsiku lonse ndikutsuka kabuleta. Koma mayi wa kunyumbayu akuti ndiyese kaye, mwina mwayi ulipo."

"Petulo wakale wa m'thanki mwako ali kuti?"

"Uyo m'chidebemo. Wasasa, akununkha."

Pofika apa anthu anali atasonkhana. Gumercindo anatuluka m'shedi n'kuima chapatali. Doña Orfelina nawo anali atatsika, mpeni wosendera mbatatesi ukadali m'manja.

Ndinatunga petulo wa m'chidebe uja n'kudonthetsa pa sosala. Wakuda, wonunkha penti. Ndinaonetsa aliyense. Kenako ndinapukuta sosalayo ndi epuloni, n'kuvula nsapato, n'kulowa m'madzi ozizirawo mpaka m'mawondo. Ndinamasula kabawuti ka injini ya pa boti la Aliro.

Madontho anagwa pa sosala, ochepa koma ofiirira ngati vinyo wothira madzi.

"Aa!" anatero Aliro. "Zatheka bwanji?"

"Thanki ya don Nolberto ili ndi petulo wofiira, koma injini ya pa boti lawo yamwa wakuda," ndinatero. "Thanki yako inali ndi wakuda, koma injini ya pa boti lako yamwa wofiira. Injini simwa m'thanki ya eni ake ili m'tulo. Zinasinthidwa."

Don Nolberto anaika buledi pa mwala, n'kulowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Anatsegula chivindikiro cholembedwa dzina la boti la Aliro, n'kusuzumira. Sanachedwe n'komwe. Anaika chikhato pa injiniyo monga mmene munthu amagwirira hatchi yake.

"Ndi iyeyu," anatero chapansipansi. Kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana mkamwini wawo.

"Apongozi, ndikulumbira," anatero Aliro, nkhope itatuwa, "ine sindinakhudze..."

"Si iyeyo," ndinatero. "Aliro anali kutali. Pamafunika anthu awiri, kiyi yanga, ndi wilibala ya doña Orfelina."

"Imene inathyoka mwendo!" anakuwa doña Orfelina.

Yasna anayang'ana bambo ake a ubatizo, Gumercindo n'kuyang'ana kumapiri.

"Ndine, ababa," anatero Yasna. "Nzeru zonse zinali zanga. Ndinadziwa kuti injini ya Aliro idzakhala itamata. Ndinati ikakukanani pamaso pa anthu, mudzavomera nokha kuti nthawi yakwana. Ndinakupemphani mokoma, munandiseka. Ndinalira, munandigulira maswiti ngati mwana. Ndikanatani? Tsiku lija anakubweretsani milomo ili bii, simukutha n'kutchula dzina langa. Amayi anapita. Ndatsala ndi inu nokha."

"Nanga iwe, Gumercindo?" anafunsa don Nolberto.

"Ine ndinakuvuulani kamodzi, mdala," anatero Gumercindo, mawu opanda nthabwala. "Munali kulemera ngati ng'ombe. Kachiwiri sindingathe. Mwana atandipempha, ndinati bola mundide muli pamtunda."

Don Nolberto anatuluka m'madzi, nsapato zikulira tchwa tchwa. Anaima pamaso pa mwana wawo.

"Injini ukanandipempha, ndikanakupatsa. Boti lomwe ndikanakupatsa. Koma iwe unafuna kundibera mutu. M'mawa wonse uno ndakhala ndikuganiza kuti ndayamba ulendo wa agogo ako aja."

Yasna anagwira pakamwa. Zinaonekeratu kuti zimenezo sanaziganizeko. Agogo akewo anawasamalira yekha ali mtsikana, ankawadyetsa iwo akumufunsa kuti ndiwe mwana wa yani.

"Ababa, ine sindinafune... ndimangoti muone ngati mwatopa. Za agogo sizinandibwerere n'komwe. Pepani, ababa."

Analira ngati kamwana, ndipo bambo ake anamusiya alire. Sanamugwire, komanso sanachoke.

"Tiitane apolisi!" anatero doña Orfelina, amene anamva theka la nkhaniyo. "Wilibala yanga ilembedwenso!"

"Apolisi a chiyani?" anatero don Nolberto. "Wakuba ndi mwana wanga, womuthandiza ndi mnzanga, katundu wapezeka kwa mkamwini wanga. Mlandu uwu ndiweruza ndekha."

* * *

Anauweruza pomwepo, ataima m'nsapato zonyowa. Aliro ndi mnyamata wa mabasi amene anabwera kudzaonerera ananyamula injini zija kuzibwezera m'malo mwake, Yasna akumasula ndi kumanga zivindikiro. Don Nolberto analamula Gumercindo kuti akhale pa chitsa atsuke kabuleta ya Aliro kachidutswa ndi kachidutswa, ndipo akamaliza akakonze wilibala.

"Ndi msana umenewu?" anadandaula Gumercindo.

"Kabuleta satsukira msana."

"Chilungamo chinatha m'dziko muno. Munthu umupulumutse, mawa akugwiritsa thangata."

"Tsuka, mbava yokalamba iwe."

Apo tinadziwa kuti zinthu zayamba kubwerera m'malo. Ine ndinakatenga buledi wotsala ndi ketulo, chikho cha yeriba n'kuyambanso kuyenda. Chitafika kwa Yasna anakana, koma bambo ake anamuuza kuti amwe, kulira kumaumitsa kukhosi.

Injini yawo itakhala pa boti lawo, mano ali m'maenje akale, don Nolberto analumikiza thanki, n'kupopa kampira ka pa paipi mpaka kulimba. Anakoka chingwe, injini n'kutsokomola. Anakokanso, ndipo inalira mosalala, kautsi kakuyandama pamwamba pa madzi.

"Kawiri!" anakuwa Gumercindo ali pa chitsa paja. "Ndawerenga! Mbiri yatha!"

"Yakwiya chifukwa inagona ndi dzina la eni ake," anatero don Nolberto. Anaisiya ilire kuti itenthe, kenako anayang'ana mwana wawo. "Yasna. Kwera."

"Ine? Ababa, mukudziwa kuti madzi ndimawaopa."

"Ndikudziwa. Nanenso tsiku lija ndinawaopa, kungoti sindinakuuze." Anatola majekete awiri oyandamitsa, limodzi n'kumuponyera, linalo n'kuvala iwo, chinthu chimene sitinawaonepo akuchita popanda kukangana. "Zoti ndakalamba sunaname. Tsiku la mphepo ndizikhala pamtunda, ndizidya buledi wa doña Zunilda. Koma masiku abwino ndizipita, ndipo ngati ukuopa kuti ndigwera m'madzi, uzikhala pomwepo uzindiyang'anira. Ayi, osati kutsogoloko. Kuno, kumbuyo. Gwira chiwongolero."

"Sindidziwa kuyendetsa."

"Unadziwa kusintha injini m'chisanu popanda wokuphunzitsa. Izi n'zophweka."

Yasna anakwera n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri. Aliro anawakankha. Botilo linanyamuka mokhotakhota, linaphonya mlatho wa pagombe pang'onong'ono, kenako linalunjika kumiyala.

"Amayo, agunda," anatero Aliro, buledi atamuiwala m'kamwa.

"Kumanzere, mwana wanga!" anakuwa Gumercindo. "Kumanzere kwinako!"

Don Nolberto anali atakhala pa thabwa la pakati, manja atapinda pachifuwa. Tinkawaona akulankhula, mutu ukuloza uku ndi uku. Botilo linazungulira, n'kuwongoka, n'kuyamba kulowera kunyanja yaikulu, mzere wa thovu kumbuyo kwake ukuwongoka pang'onopang'ono. Tinawayang'ana mpaka atazimirira kuseri kwa chilumba, ndipo mkuluyo sanatambasule dzanja ngakhale kamodzi kuti alande chiwongolero.